Gwiritsani ntchito chingwe pophunzitsa zaka za dziko lapansi

Aphunzitsi anzanga amene mukuyamba kuphunzitsa mbiri ya dziko lapansi ndi miyala yake, musataye nthawi kulemba manambala ataliatali pa bolodi, chifukwa ophunzira amangowaloweza osamvetsa kukula kwake. Pezani chingwe cha mamita 45, mupite nacho pabwalo la sukulu, ndipo muwauze kuti mita imodzi ikuimira zaka 100 miliyoni, pakuti dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni.

Nsonga imodzi ya chingwecho iimire lero, ndipo poyeza muziyambira pamenepo kubwerera m'mbuyo. Pa mamita 35 mangani kansalu koimira tizamoyo takale kwambiri timene zizindikiro zake zinapezeka m'miyala. Kansalu ka Malawisaurus, chinyama chimene mafupa ake anafukulidwa ku Karonga, kakhale mutangopitirira pang'ono mita imodzi, pomwe kutha kwa madayinoso, zinyama zakalekale za gulu limodzi ndi Malawisaurus, kuli pa masentimita 66. Mbiri yonse ya anthu onga ife imangotenga mamilimita 3 okha, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo kuti ophunzira ayeze okha ndi rula.

Njirayi imathandiza chifukwa mwana amayenda mtunda wonsewo ndi mapazi ake, komanso chingwecho mudzachigwiritsanso ntchito chaka chamawa osagula china.