Musapale dzimbiri pa nsonga za mivi zakale

Amene mukutolera nsonga za mivi zakale zija za ku America, monga Bear Razorhead zomwe Fred Bear, katswiri wopanga mauta ndi mivi, anatulutsa mu 1956 kapena za kampani ya Zwickey ya ku Minnesota, chonde musazikhule ndi sandipepa olo kuzinola, mukachotsa penti yake yoyambirira mtengo umagweratu ndipo otolera anzanu sazifunanso. Ingopukutani ndi kansalu kodontheza mafuta a mashini osokera basi. Nsonga ikakhala yomatidwa ku mtengo wa muvi musakoke mwamphamvu, itenthetseni pang'ono pa kandulo guluu asungunuke kenako muipotoze ndi pulayala yokutira nsalu. Razorhead ili ndi kampeni kakang'ono kolowetsa pakati, kameneko kamasowa msanga, kasungeni limodzi m'kabokosi kouma.