Momwe mungayezere madzi a m'mitsinje ndi m'magombe a ku Durban

Chichitikireni madzi osefukira a mu Epulo 2022, aja adaphwasula mapaipi a zimbudzi muno mu Durban, ana anga salowa m'nyanja ndisanadziwe kuti madziwo ali bwanji. Magombe akhala akutsekedwa kambirimbiri chifukwa cha E. coli, tizirombo tochokera m'chimbudzi. Maso sathandiza. Madzi amatha kuyera mbee, tizirombo tili tho m'menemo.

Yambani ndi botolo. Pitani ku labu yoyeza madzi, akupatseni lawo lomata, losatsegulapo. Timapepala toyezera tija amatsatsa pa intaneti musatayirepo ndalama. Tambiri timangoonetsa zinthu ngati pH (kuchuluka kwa asidi m'madzi) ndi klorini, za kuchuluka kwa E. coli sitinena kanthu, ngakhale wogulitsayo alumbire chotani.

Ine ndimatunga pa Blue Lagoon, pomwe mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja, nthawi zina mu Umbilo ndi Umhlatuzana, mitsinje yothira m'doko. Valani magolovesi ndi majombo. Lowani mpaka m'mawondo, yang'anani komwe madzi akuchokera, mizani botolo chozondotsa masentimita ngati 30, kenaka litembenuzeni lidzaze. Siyani kampata pamwamba. Chala chisakhudze m'kati mwa chivindikiro.

Apa tsono ndi pomwe ndidapsa. Tsiku loyamba ndidatunga 7 koloko m'mawa, botolo m'chikwama, n'kuyamba ndapita kuntchito. Mukudziwa kutentha kwa Durban inu. Pofika ku labu madzulo botolo linali litafunda ngati tiyi wotsala m'kapu. Mayi wa pa kauntala adangolikhudza n'kupukusa mutu. Adandiuza kuti pakutentha tizirombo tina timaswana, tina timafa, ndiye nambala yotulukayo siikhalanso ya mtsinje uja. Tsiku lidapita pachabe, ya thiransipoti nayo idapita, mtima udandiwawa zedi. Kuyambira pamenepo ndimanyamula kabokosi koziziritsira. Botolo lizikhala losapitirira madigiri 10, koma lisaume gwa, ndipo lifike ku labu pasanathe maola 6. Ayezi sindigula ayi, ndimangoumitsa mabotolo awiri a madzi akumwa m'filiji usiku.

Lembani pa botolo malo, tsiku, nthawi, komanso ngati kwagwa mvula. Zotsatira zimatuluka pakapita tsiku limodzi kapena awiri. E. coli akapitirira 500 pa mamililita 100, ana asalowemo. Mvula yamphamvu ikagwa, katungeninso.