Momwe mungakonzere chipinda chophunziriramo ana akaweruka kusukulu

Kuno ku Mangochi ana akaweruka amabalalika msanga. Ena amathamangira kunyanja kukathandiza kukoka makoka ndi kuyanika usipa, ena amapita kumadrasa, ena amangozungulira pamsika mpaka dzuwa kulowa. Ngati mwaganiza zowasonkhanitsa masana kuti aziwerenga ndi kusewera, musadikire zithunzi zosindikiza zochokera ku Blantyre. Zipangizo zili pakhomo pomwepa, ndipo ana sang'amba zinthu zimene apanga ndi manja awo.

Choyamba, gwirizanani za nthawi. Khalani pansi ndi makolo, a komiti ya sukulu, amfumu, mashehe ndi abusa, musankhe maola osawombana ndi madrasa kapena zochitika za kutchalitchi. Lachisanu lisiyeni. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira, ndipo mu Okutobala ndi Novembala dikirani dzuwa lipendeke, chifukwa mwana sangamve kanthu m'chipinda chamalata chotentha.

Sabata yoyamba ikhale yotolera zinthu: makatoni a m'magolosale, matumba a ufa, zitsekerero za mabotolo, njere za malambe, mlaza, makala ndi dothi lofiira lopakira utoto. Aphunzitsi njira imeneyi amaitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lomwelo. Zigoba za nkhono ndi zabwino powerengera, koma ana atole zouma zokha za pamchenga. Musawatume m'madzi odikha a m'mabango, chifukwa nkhono za mmenemo ndi zimene zimafalitsa likodzo, komanso mu Shire ndi ku Malombe muli ng'ona.

Tsopano khoma. Ambiri amalakwitsa pomata zithunzi m'mwamba pafupi ndi denga, pomwe mwana wa Sitandade 1 sangafikepo ndi chala. Chilichonse chikhale pa msinkhu wa maso a ana. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma limaitana mphemvu ndi chiswe, ndiye ine ndimakonda chingwe. Potani mlaza, mangani chingwecho kuchokera pawindo lina kufika pa lina, kenako pachikani makadi ndi timitengo tong'alula pakati. Mukamaweruka muziwatsitsa n'kuwasunga m'katoni, poti chipindacho m'mawa chimagwiritsidwa ntchito ndi ena, ndipo mwera ukayamba mu Juni umaulutsa pepala lililonse losamangidwa.

Pa zoti zijambulidwe, asiyireni anawo. Auzeni ajambule chambo, usipa, kampango, utaka ndi mcheni. Mudzaona mwana amene m'kalasi sayankhula akukonza mnzake kuti kampango alibe mamba ndipo ali ndi ndevu. Inu ntchito yanu ndi kulemba dzina pansi pa chithunzi ndi zilembo zazikulu. Popeza ana ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, lembani zinenero zonse ziwiri pa khadi limodzi: nsomba ndi somba, madzi ndi mesi, nkhuku ndi nguku. Mwana akaona mawu akwawo pakhoma amamasuka.

Nsomba zomwezi zimasanduka sewero lowerenga. Dulani tinsomba ta katoni, lembani phatikizo limodzi pa kalikonse, monga ma, ka, la, ta, mu, tu, ndipo pakamwa pake mangani kawaya kozungulira. Mbedza ndi kandodo ka bango, ulusi ndi waya wopinda, wopanda nsonga yakuthwa. Jambulani nyanja pansi ndi makala, mwazani nsombazo mkatimo. Ana awedze m'magulu a anayi kapena asanu, gulu lililonse lipange mawu ndi zimene lagwira: makala, kalata, mutu. Gulu likapanga mawu, liwawerenge mokweza lisanapatsidwe njere ya mlambe ngati mphotho. Sakanizani akulu ndi ang'ono, ndipo onetsetsani kuti ndodo ikufika kwa atsikana, chifukwa anyamata amafulumira kunena kuti kuwedza ndi kwawo.

Masamu aphunzire pamsika wongoyerekeza pakona ya chipinda. Masamba ouma aunjikidwe ngati miulu ya usipa, ndalama zikhale mapepala olembedwa K50, K100, K200 ndi K500. Wogulitsa abweze chenji, wogula aiwerenge pamaso pa anzake. Kwa okulirapo, kumbani bawo pansi pa mtengo wa mango: mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, njere 64, ziwiri m'dzenje lililonse. Akatopa kukhala pansi, tulutsani chingwe cha jingo, azidumpha akuwerenga mwa ziwiriziwiri kapena zisanuzisanu. Fulaye asewere chabe, osaikamo phunziro.

Mphindi khumi zomaliza zikhale za nthano ndi zilape. Kamodzi pa sabata itanani agogo a m'mudzimo adzayambe "Padangotero", ana avomere "Tili tonse". Akafotokoza m'Chiyao, mwana mmodzi abwereze m'Chichewa, ndipo tsiku lotsatira onse ajambule zimene anamva n'kulemba chiganizo chimodzi pansi pake.

Makadi a pachingwe muziwasintha pakatha masabata awiri, akale muwapatse ana apite nawo kunyumba. Sunganinso kope la mayina. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, makamaka nyengo imene usipa wachuluka, pitani kwawo mukacheze ndi makolo ake.