Kuphunzitsa alangizi a zamaganizo kuthandiza anthu pakagwa tsoka

Ngati mukukonza treningi yotere, tsiku loyamba muwaiwalitse kaye za ofesi. Mlangizi anazolowera mpando, chitseko chotseka ndi ola lathunthu ndi munthu mmodzi, koma kumsasa wa anthu othawa madzi osefukira kapena chivomezi kulibe zimenezo, mumayankhulana choimirira ana akulira pambali.

Yambani ndi Psychological First Aid (thandizo loyamba la zamaganizo), kabuku kamene WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) inatulutsa mu 2011 pamodzi ndi World Vision ndi War Trauma Foundation. Mfundo zake zitatu basi: yang'ana, mvetsera, lumikiza munthu ndi thandizo. Musamangowawerengera pa pulojekita ayi, achite sewero. Wina akhale mayi amene sakudziwa komwe kuli mwana wake, akunjenjemera, sakuyankha, winayo akhale mlangizi. Muona ambiri athamangira kufunsa kuti "tandiuzeni mayi, zinakhala bwanji?" ndiye muwaimitse pomwepo. Kukakamiza munthu kufotokoza zonse zimene waona mtima usanakhazikike, zija amati debriefing, WHO simalimbikitsa. Mayi uja akufuna madzi, bulangete ndi womuperekeza komwe akulemba mayina a anthu osowa, ndipo imeneyonso ndi ntchito ya mlangizi ngakhale ena amaona ngati ikuwachepetsera digiri.

Asamafulumirenso kutchula matenda. Kusowa tulo, kulota zoopsa, kudzidzimuka masiku oyambirira nzachibadwa, PTSD (matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa) sitiitchula mwezi usanathe. Oyenera kupita nawo msanga kwa dokotala ndi amene akukamba zodzipha, amene wasiya kudya kapena kusamala khanda, komanso uja anali pa mankhwala a khunyu kapena a matenda a maganizo koma mankhwalawo anapita ndi madzi. Amene akuvutikabe patapita masabata kuli Problem Management Plus, pulogalamu ya uphungu yokumana kasanu, WHO yomweyo inatulutsa mu 2016.

Tsopano opulumutsa anzawo aja, amene anyamula mitembo tsiku lonse. Amenewa sabwera okha kudzapempha uphungu, amati ali bwinobwino. Mlangizi aziwatsata komwe akupumira, azicheza nawo wamba kwinaku akuona amene wayamba kupsa mtima msanga, kumwa kwambiri kapena kukana kuweruka. Muwaike awiriawiri kuti aziyang'anirana, ndipo mlangizi mwiniwakeyo mumupatse womuyang'anira woti azimuimbira foni sabata iliyonse, dzina ndi nambala atenge asanakwere galimoto.