Kuika wailesi ya VHF pa boti

Achimwene mwati mwaitanitsa wailesi ya VHF, yoyankhulirana panyanja, ya boti lanu lija la ku Senga Bay koma simukudziwa poyambira. Musananyamuke mu Lilongwe muno funsani kaye a MACRA za laisensi, nkhani za mawailesi amayang'anira ndi iwowo.

Mukafika kunyanja mangani eriyo pamwamba penipeni pa boti, iyime chilili, chifukwa VHF imangofika pomwe eriyo ikuona basi, ikakhala mmunsi simumveka patali. Waya wake mangani zolimba kumbuyo kwa wailesi musanayatse, mukadina batani loyankhulira opanda eriyo mutha kuipsetsa, ndalama zonse zija zapita. Kenako batire ya 12V, waya wofiira ku + kudzera pa fyuzi, wakuda ku -. Wailesiyo ikani pomwe madzi safika komanso patali ndi kampasi.

Yatsani, tembenuzani kabatani kolembedwa squelch, kochotsera phokoso, mpaka kaphokoso kaja ka shiii kangosiya. Izikhala pa tchanelo 16, imeneyo ndi ya ngozi ndi kuitanirana, za mtengo wa usipa kakambiraneni tchanelo ina. Dinani, yankhulani, nenani over nkusiya batani, apo ayi yankho simulimva. Mwera ukakupezani moyo nkukhala pachiswe, ikani pa 25W, mphamvu yonse ya wailesiyo, nenani Mayday (mawu oitanira thandizo pangozi) katatu, dzina la boti, pomwe muli, vuto lake ndi anthu angati.