Kwa opita ku Joni pa ndege kuchokera ku Mangochi

Abale anga a kuno ku Mangochi, mukaona pa tikiti kuti ulendo wa ku Johannesburg ndi wa maola awiri ndi mphindi zochepa, musamasuke msanga. Amenewo ndi maola a m'mwamba basi. Kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka ku Blantyre kukatera pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,350, pomwe kuchokera pa Kamuzu ku Lilongwe ndi pafupifupi 1,500. Kusiyana kwake m'mwamba n'kochepa, koma pansi pano ndi nkhani ina.

Ulendo weniweni umayambira pa depoti. Kuchoka pa boma kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo minibasi zathu mukuzidziwa, sizinyamuka mpando uli wopanda munthu. Onjezeraninso maola awiri kapena atatu oti mukhale mutafika kale pabwalo ndege isananyamuke, kuti apime katundu ndi kudinda pasipoti. Ine ndege ikakhala yam'mawa ndimakagoneratu ku Blantyre kwa achibale.

Funsaninso ngati ndegeyo ikupita molunjika. Zina zochokera ku Lilongwe zimayamba zatera pa Chileka, ndiye nthawi imatalikirako.

Za wotchi musavutike, nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu. Koma wodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa akumbukire kuti kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawi yofikira yolembedwa pa tikiti ndi ya komwe ndege ikuterako.