Mmene mungagwirire mawu a Chingelezi oti alter

Ndine telala ku Mbare kuno, mumzinda wa Harare, chapafupi ndi msika wa Mupedzanhamo. Chikwangwani changa choyamba ndinalemba ALTARATIONS. Chinakhala pakhomo miyezi itatu, mpaka aphunzitsi ena atabwera ndi thalauza anandifunsa kuti, "Bambo, kodi mumakonzanso maguwa a m'tchalitchi?" Manyazi ake!

Yambani ndi pakamwa: tchulani kuti olta. Vuto ndi loti altar, lomwe ndi guwa, amatchulidwanso chimodzimodzi, ndiye khutu silingakuthandizeni. Ine ndimakumbukira chonchi: wokhala ndi chilembo cha a chakumapeto ndi wa ansembe. Wa e ndi wathu wa singano.

Tanthauzo lake lifuneni m'manja. Mayi wagula diresi la kaunjika, koma m'chiuno likukhwepa. Ndimaliphwasula, kubweza masentimita 4, kusokanso. Nsalu ndi yomweyo, maluwa ake omwewo, kungoti tsopano lamukhala. Kumeneko ndiye kuchita alter: kusinthako chinthu, icho n'kukhalabe chomwecho.

Apa ndi pamene ambiri amasokoneza ndi change. Munthu akati "I want to change my dress", akukavula kuti avale lina, ndipo ine sindidyapo kanthu. Akati "I want to alter my dress", ameneyo ndi kasitomala wanga, mpatseni mpando. Change ndi thumba lalikulu, amanyamula zonse, mpaka chenji chimene timalimbirana ndi kondakitala mu kombi, minibasi zathu kuno, yopita ku siteji ya Copacabana. Alter salowa mu kombi.

Kenaka dziwani abale ake. Za dzulo ndi altered, ntchitoyo ndi alteration. Gwero lake ndi Chilatini, kumene alter amatanthauza china, n'chifukwa chake alternative ndi wa m'banja lomweli.

Chenjerani nawo pa mapepala. Mukamva mu ofesi akuti "the date was altered", dziwani kuti akukayikira kuti wina wakhudza deti la pa satifiketi, ndipo nkhope zawo sizikhala zoseka.

Chotsala n'kuyeserera. Sabata imodzi yokha, chilichonse chimene mwasinthako pang'ono, kaya ndi nthawi ya msonkhano wa kwaya, kaya manja a shati, chineneni mokweza m'Chingelezi. Mdzukulu wanga amandiseka ndikamalankhula ndekha ndi sizasi m'manja.

Chikwangwani chakale chija ndinachidula pakati, ndinaikira mwendo wa mashini umene unkagwedera.